Mpunga ni wa ku Tembwe, nanga dzina lake aligula ndani pa Google?

Tengani foni yanu, kaya ni itel, kaya ni Tecno, olo ka Samsung kong'ambika skilini kamene munagula ku Town Centre. Tsegulani Google, lembani chinthu chimene mtima wanu ufuna mwezi uno: loni, nchito, galimoto ya ku Japan, foni yatsopano. Musadine msanga. Yang'anani pamwamba penipeni pa yankho loyamba. Nthawi zambili mupezapo ka liu kamodzi kachizungu, "Sponsored". Ka liu ako kafuna kukuuzani chinthu chimodzi chabe: uyu walipila kuti akhale apa. Za kuti ni wochipa, ni woona mtima olo ni kawalala, ka liu ako sikanenapo kanthu.

Ambili a ife timaona Google monga mdala wanzelu wa pa mudzi, amene ukamufunsa amakuyankha mosakondela. Ine niiona monga Intercity. Ukangolowa pa geti na chikwama, woyamba kukugwila dzanja ni ngwangwazi, ndipo ngwangwazi amakukokela ku basi imene imamupatsa kangachepe. Basi yabwino, yonyamuka pa nthawi yake, ilimo ndithu mkati, koma uyenela kukana manja atatu olo anai kuti uifike.

Manje kuti muone pamene nkhani iyi ilumila, tiyeni tichoke mu Lusaka tipite kutali, ku Tembwe.

Tembwe ali m'boma la Chama, m'chigwa cha Luangwa, ku dziko la Asenga, kwa Mfumu Tembwe. Amene munakwelapo basi ya kumeneko mudziwa: Great East Road mpaka Chipata, makilomita oposa 500, kuchoka apo Lundazi, ndipo pofika ku Lundazi msana wathyoka kale koma ulendo ukalipo. Boma la Chama lakhala likukankhidwa uku ndi uku. Mu 2011 analichotsa ku Eastern Province n'kuliika ku Muchinga, mu 2021 analibweza ku Eastern. Chimene sichinasamuke ni mpunga. Mpunga wa ku Chama ukakhala pa mbaula, a neba amadziwa osauzidwa, fungo lokha limalumpha wall fence. Amaulima m'madambo, na khasu, kudalila mvula ndi madzi osefukila. Ukayamba kucha, masana anthu apitikitsa mbalame, usiku agona kumunda kuopseza njovu. Nthawi ya dzinja misewu imaduka. Ndipo pambuyo pa zonse izo amabwela ma briefcase na sikelo yao, n'kuchula mtengo umene iwo afuna.

Thukuta lonse ilo labala dzina. "Chama rice" ni dzina limene limagulitsa lokha. A COMACO amagula mpunga kwa alimi a m'chigwa n'kuuika m'mapaketi a It's Wild! amene mumaona m'masitolo akuluakulu. Ku Soweto amaupima pa meda. Ndipo nidziwa kuti ena a imwe amene muwelenga tsamba lino ndiye ka bizinesi kanu: a anti kumudzi atumiza matumba awili pa basi, imwe mupakila m'mapulasitiki, muika pa status, mwapeza ya lendi.

Mau awili awo, "Chama rice", pa Google ni katundu. Aliyense amene ali na kadi ya ku banki angapite ku Google Ads n'kunena kuti, munthu akalemba mau awa, muonetseni ine poyamba, nizalipila. Google simufunsa ngati anapondapo matope a ku Tembwe. Simufunsa ngati mpunga wake ni weniweni olo ni wosakaniza na wina wochipa kuti fungo lingomvekako pang'ono. Olo lelo mutapeza kuti palibe amene wagula mau awo, chitseko ni chotsegula, ndipo woyamba kulowa sazakhala mayi uja amene anagona kumunda kuopseza njovu. Azakhala munthu wa mu tauni amene ali na laptop, netiweki yabwino ndi ndalama yoyesela.

Mmene chimayendela ni monga okushoni. Wamalonda amasankha mau, amaika mtengo wapamwamba umene angalipile munthu mmodzi akadina. Imwe mukangolemba funso lanu, okushoni imachitika pomwepo, diso lisanaphethile. Google imayang'ana amene waika ndalama zambili, imayang'ananso ngati tsamba lake ligwilizana na funso, ndiye imawandandalika. Mukadina, wamalonda walipila, kaya mwagula kaya simunagule. Mu 2023 chabe, malonda a pa search ndi tina tochepa togwilizana nawo anabweletsela kampani ya Google madola pafupifupi 175 biliyoni. Chaka chomwecho mkulu wina wa kampani iyo, Jerry Dischler, anavomela m'khoti ku America kuti nthawi zina amasintha malamulo a okushoni kuti mitengo ikwele na 5 pelesenti. Ndipo mudziwa kale kuti wamalonda salila yekha. Ndalama imene walipila Google amaibisa mu mtengo wa katundu, imwe ndiye mumaibweza pa till.

Mufunse kuti, nanga ngati Google yadula, bwanji osapita kwina? Kwina kuti, mwandi?

Kale kunali kwina. Nzelu yogulitsa malo apamwamba sinayambe na Google. Inakula kuyambila mu 1998 na kampani ya GoTo.com ya mkulu wina dzina lake Bill Gross, imene mu 2001 inasintha dzina kukhala Overture. Google inayamba AdWords mu 2000, ndipo mu 2002 nayo inayamba kulipilitsa pa kudina. Overture inapita kukhoti ati mwatibela nzelu. Nthawi iyo msika unali wodzaza: AltaVista, AlltheWeb, Inktomi, Lycos, Ask Jeeves, Yahoo. Ndiye kunayamba kumezana. Mu 2003 Overture inagula AltaVista ndi AlltheWeb. Chaka chisanathe, Yahoo, imene inali itagula kale Inktomi, inameza Overture yonse na madola 1.6 biliyoni. Mlandu uja unatha mu 2004, Google itapeleka masheya kwa Yahoo. Mu 2008 Microsoft inabwela na madola 44.6 biliyoni kufuna kugula Yahoo, akuluakulu a Yahoo anakana ati yachepa. Chaka chotsatila anapeleka search yao kwa Bing ya Microsoft yemweyo, ndipo mu 2017 bizinesi ya Yahoo inagulitsidwa kwa Verizon pa madola pafupifupi 4.5 biliyoni. Kukana K100 lelo, mawa n'kulandila K10.

Google nayo sinali kugona. Inagula Android mu 2005, YouTube mu 2006 pa madola 1.65 biliyoni, ndiponso DoubleClick, kampani yaikulu ya malonda a pa intaneti, pa madola 3.1 biliyoni. Lelo pa mafunso 10 amene anthu amasecha pa dziko lonse, pafupifupi 9 amapita ku Google. Maina ena alipo, koma ambili amatunga pa chitsime chimodzi: Yahoo ndi DuckDuckGo mayankho ao ambili amachokela ku Bing. Izi kwa ife si zachilendo. Mumakangana pa bawa usiku wonse kuti wabwino ni Mosi, wina ati Castle, wina ati ine ni Eagle chabe, pamene onse atatu achokela ku Zambian Breweries, imene kuyambila 2016 ili m'manja mwa AB InBev. Mikangano ni yanu, thumba ni limodzi.

Apa niyenela kupeleka ulemu pamene ufunika. Google imagwila nchito. Mwana wa Grade 12 ku Kanyama amapeza ma past paper osalipila ngwee. Makanika wa ku Chibolya amaonela pa YouTube momasulila giyabokosi imene sanaionepo. Kuyambila 2014 Google Translate ili na Chichewa, olo kuti nthawi zina imamasulila monga mzungu wa ku mishoni. Ngakhale jaji amene anaiweluza ku America anavomela kuti search yake ni yabwino kupambana anzake. Ine ndemwe niisewenzetsa tsiku lililonse.

Koma funso langa ni ili. Ngati nshima yako ni yokoma kupambana onse pa msika, ulipililanji ngwangwazi kuti atseke njila yopita kwa anzako? M'khoti munatuluka kuti mu 2021 Google inalipila madola 26.3 biliyoni kwa opanga mafoni, eni ma browser ndi makampani a netiweki kuti ikhale search imene munthu amaipeza ili kale mu foni. Apple yokha inalandila madola 20 biliyoni mu 2022. Foni ya Android imene ili m'manja mwanu inabwela na ka bokosi ka Google pa skilini, na Chrome mkati. Munasankha liti? Simunasankhe, munangoipeza, monga mmene mwana amapezela chechi cha makolo ake. Pa 5 August 2024 jaji Amit Mehta wa ku Washington anagamula kuti Google yagwila msika yokha ndipo yaphwanya lamulo pofuna kuusunga. Mu September 2025 anapeleka chilango chimene ambili anachiona kuti n'chofewa: sanailamule kugulitsa Chrome, koma analetsa mapangano otsekela anzake kunja, n'kuilamula kugawako zina mwa data yake kwa opikisana nayo. Ku Europe anailipilitsa mayulo 2.42 biliyoni mu 2017 chifukwa choika malonda ake pamwamba pa a anzake, ndi ena oposa 4 biliyoni mu 2018 pa nkhani ya Android.

Mwina muganiza kuti izo ni ndeu za azungu. Yang'anani pafupi, ku South Africa. Mu July 2023 bungwe lao loona za mpikisano linamaliza kufufuza misika ya pa intaneti, ndipo linapeza kuti mmene Google imaikila mayankho imakondela makampani akuluakulu amene ali na ndalama zolipila. Linailamula kuika chizindikilo choonetsa mabizinesi a mu South Africa, ndi kupeleka malo a malonda a ulele okwana ma rand 180 miliyoni kwa mabizinesi ang'onoang'ono ndi a anthu akuda, kuonjezapo ma rand 150 miliyoni a maphunzilo ndi thandizo lina. Kuno kwathu tili na CCPC, imene inakhazikitsidwa pa lamulo la 2010, ndipo COMESA ili na bungwe lake la mpikisano limene likulu lake lili pa Lilongwe pomwepa. Zambia payokha, anthu 19.6 miliyoni pa kalembela wa 2022, ni kansomba kochepa pamaso pa kampani monga iyo. Koma maiko a COMESA akalankhula pamodzi, amveka. Ine nifuna kuona tsiku limene nkhani ya ka liu ka "Sponsored" izakambidwa mu Parliament na mphamvu imene timakambila mtengo wa unga.

Pali vuto lina limene khoti iliyonse singakonze. Google imadziwa zolembedwa chabe. Ili na tumaloboti timene timayenda pa masamba a intaneti kukopela zimene tapeza, ndiye chimene sichinalembedwe, kwa iyo kulibe. Lembani "Tembwe" yekha, musadabwe ikakusakanizilani na Tembwe wa ku Mchinji ku Malawi. Ifunseni mtengo wa meda ya mpunga kwa Tembwe sabata ino, olo ngati msewu upitika mvula itagwa, olo dzina la mbeu imene agogo amasunga mu chisenga. Izakupatsani nkhani za ma NGO, malipoti a boma, na nkhani ya njovu zitaononga minda. Anthu a kumeneko amaoneka pa intaneti monga ovutika oyenela kuthandizidwa, pamene ali eni ake a mpunga umene Lusaka yonse iufuna. Malo apamwamba ni ogulitsa, malo apansi ni opanda kanthu, so wogula amatenga chimene wapeza.

Namva kale wina ati, "Ba columnist, ise sitisecha pa Google, tisecha pa Facebook na TikTok, ndaba ndiye bando imene tikwanitsa." Zoona. Koma uko nakonso ni chimodzimodzi. Facebook inagula Instagram mu 2012 na dola 1 biliyoni, n'kugula WhatsApp mu 2014 na madola 19 biliyoni. Mukathawa pa Facebook kupita pa WhatsApp mwangochoka ku sitting room kupita ku bedroom, landilodi ni mmodzi. Ka batani ka "Boost post" ni okushoni yomweyo yavala malaya ena. Ndipo manje kwabwela AI. Kuyambila April 2024 Meta AI inalowa mu WhatsApp kuno ku Zambia, ChatGPT ilipo kuyambila 2022, ndipo Google nayo imaika yankho la AI pamwamba. Uyu ndiye mpikisano woyamba weniweni umene Google yakumana nawo pa zaka 20, ndipo niukondwela. Chimene chiniopsa n'chakuti AI imakupatsa yankho limodzi, losalala, monga la mnzako wapamtima. Pa mndandanda wa mayankho 10 ungaone amene walipila n'kumulumpha. Mu yankho limodzi, wolipila azabisala pati? Ku America Google inayamba kale mu 2024 kuika malonda m'mayankho ake a AI.

Nanga imwe muchite chiyani na foni ili m'manja?

Ngati mufuna nchito, samalani maningi. Akawalala nawo amagula malo apamwamba, ndipo Google imachotsa malonda abodza mabiliyoni chaka chilichonse, kutanthauza kuti oyesa ni ambili ndipo ena amapulumuka. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyelele. Tsamba likakuuzani kuti tumizani "registration fee" pa mobile money kuti mulembedwe, tsekani. Yang'anani adilesi ya tsamba chilembo na chilembo. Za boma zimathela na gov.zm. Za loni, Bank of Zambia imafalitsa maina a mabungwe amene inawapatsa laisensi, yambani mwaona kumeneko musanapeleke NRC yanu kwa munthu amene simumudziwa. Ndipo tsiku lina, chabe kuti mulawe, lowani mu Chrome, pitani pa Settings, dinani Search engine, sankhani ina. Yesani sabata imodzi. Mwina muzabwelela ku Google, palibe mlandu, koma ulendo uno muzakhala mwasankha mweka.

Ngati ndimwe wogulitsa, apa ndiye nifuna tikhale pansi. Kuli anyamata ambili masiku ano odzicha "digital marketer" amene azakuuzani kuti patseni K500 nikuikeni pamwamba pa Google. Ena adziwa nchito, ena anaonela vidiyo imodzi dzulo. Musanatulutse ndalama, tengani bolopeni. Tiyelekeze chabe kuti kudina kumodzi ni K2, ndipo pa anthu 50 odina agula mmodzi. Kasitomala mmodzi uyo mwamugula na K100. Phindu lanu pa meda imodzi ni zingati, mutachotsa ya basi, ya wilibala, ya mapulasitiki? Ngati kasitomala uyo ni lesitilanti imene izatenga thumba mwezi uliwonse, K100 yabwela. Ngati ni mayi wogula meda imodzi pa Khisimasi, mwagwilila nchito Google. Kampani yaikulu ingataye ndalama miyezi itatu kuyesa mau osiyanasiyana mpaka ipeze ogwila. Imwe mukataya K500, kapito yapita.

Zaulele zilipo, ndipo ambili simunazigwile. Google Business Profile salipilitsa: muika dzina la ka shopu kanu pa Maps, nambala, maola, zithunzi, ndipo munthu wa pafupi akasecha mpunga mungaonekele popanda okushoni. Makasitomala okhutila muwapemphe alembepo mau awili. WhatsApp Business ili na katalogi yaulele. Ndipo polemba, lembani zenizeni zimene munthu wa laptop uja sangaziname mosavuta: mudzi, mwezi wokolola, chigayo chimene chinapuntha, chithunzi cha thumba likukwezedwa pa basi. Kulemba "best quality rice" n'kutaya nthawi, aliyense alemba zomwezo.

Kwa achibale a ku Tembwe amene muli kuno ku Mtendere, ku Chawama, ku Garden, imwe ndiye mlatho. Makopaletivu a kumudzi angalembetse chizindikilo chao cha malonda ku PACRA. Dziwani kuti chizindikilo sichiletsa munthu wina kugula mau anu pa okushoni ya Google, koma mwini chizindikilo angadandaule kuti dzina lake lisalembedwe m'malonda a munthu wina, ndipo pa paketi ya mu shopu lamulo limakhala kumbali yake. Fomu na intaneti zili kuno ku tauni, mpunga uli kumudzi. Kukolola kumayamba cha mu May, matumba atsopano amayamba kufika mu June na July. Imbani foni kwa a malume manje, netiweki ikagwila, muwafunse dzina la kopaletivu yao, matumba angati ayembekezela chaka chino, ndiponso ngati alipo mwana wa sukulu amene angajambule zithunzi zisanu za kumunda asanamwete.